Manja a Herzog

Lachiwiri, 6 Okutobala 1981

Alandira bokosi. Bokosi lenileni lapulasitiki, lokhala ndi chingwe cha magetsi ngati ayironi. Madzulo ano kalabu yathu ya chesi yavomereza makina osewera chesi otchedwa Herzog kukhala membala, ndipo alowa nawo mpikisano wa chaka chino. Ndikuti "yathu" chifukwa pakamwa panazolowera basi.

Ine ndinali chiimire pakhomo ndi thireyi ya khofi. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikubwera m'chipinda chakumbuyo kwa bala ya Zenzi Lachiwiri lililonse, pamodzi ndi amuna anga a Quirin. Ndapemphapo umembala mpaka kutopa. Nthawi zonse alamu anga a Ottmar, akulu awo a Quirin, omwenso ndi wapampando, amandiwerengera lamulo la 1924 lija: kalabu ino ndi ya abambo. Amandilola kusewera zocheza pakona wina akasowa mnzake.

Ndinafunsa kuti, "Nanga bokosili ndi bambo?"

A Egon Brandl, a sitolo ya mawailesi, omwe abweretsa chinthucho, ati, "Dzina lake ndi lachimuna, mayi." Chipinda chonse kufa nako kuseka. A Quirin maso ali m'tambula ya mowa ngati mwagwera ntchentche.

A Pfaffinger, mlembi wathu, anafufuza m'malamulo n'kunena kuti palibe paliponse pamene paletsa makina. Analemba khadi la umembala ndi cholembera chawo chabwino chija.

Ndaika thireyi pansi mwamphamvu, kapu imodzi yasweka. Zenzi, mwini bala, wati zisandidetse nkhawa, inali yong'aluka kale.

Lachitatu, 7 Okutobala

Ndakalipira ana a kalasi yanga ya masamu popanda chifukwa. Iwo alakwanji?

Loweruka, 10 Okutobala

Ndimapita kogula buledi, a Egon n'kundikola pakhomo pa sitolo yawo. Herzog, amene ndizingomulemba kuti H., amuika pawindo pa nsalu yofiira ngati chikho cha Misa.

Anandilalikira mbiri yonse ndisanafunse. Ati zaka zisanu zapitazo zinthuzi kunalibe m'sitolo iliyonse padziko. Oyamba anachokera ku Amerika, ankasiya mfumukazi padzuwa kuti aliyense atole. Kenako anabwera a ku Hong Kong, amene ukayendetsa hatchi ngati nsanja ankangovomera osadandaula. Kenako ena olankhula ndi mawu ngati munthu wotsekeredwa m'chitini. "Koma uyu ndi wathuwathu, wopangidwa ku Munich. Uyu amaganiza, mayi!"

Kenako anafika pa nkhani yake. H. alibe manja. Pamafunika munthu womulembera pa mabatani mmene mdani wasunthira, kuwerenga yankho lake pa kagalasi ka manambala ofiira, n'kumusunthira zidole pa bolodi. Mamembala onse akhala akusewera magemu awo. A Egon eniake sasiyanitsa bishopu ndi msilikali.

"Alamu anu ndi amene akutchulani. Ati mwakhala mukufuna kukhala pa tebulo la mpikisano, ndiye mwayi ndi umenewu."

Mwayi! Kukhala wantchito wa ayironi.

Anawonjezera kuti ndisade nkhawa, si zokhalitsa, chaka chamawa kukubwera makina okhala ndi mkono wawowawo.

Ndinafuna kuwaponyera buledi kumaso. Koma ndavomera. Ndikufuna ndione ndi maso anga chimene bokosili lili nacho chimene ine ndilibe.

Lachiwiri, 13 Okutobala

H. wagonjetsa a Quirin. Ndi manja anga.

Amasewera ngati mwana wadyera. Chilichonse chimene chili poyera amadya, osafunsa chifukwa chimene chasiyidwira. Koma salakwitsa zapafupi, satopa, samwa mowa. A Quirin anali bwinobwino mpaka anayamba kuyang'ana kagalasi kaja m'malo moyang'ana bolodi. Anasiya hatchi popanda chitetezo. Ndinadina batani. Bokosi linalira "piii", ine n'kutola hatchi ya amuna anga.

"Zikomo, Burgl," anatero, ngati ndawapatsira mchere.

Tili m'galimoto ati, "Ndi wanzeru ndithu." Ndinati, "Si wanzeru, inu ndi amene mumamuopa."

Lachiwiri, 20 Okutobala

H. waluza kwa a dokotala a mano. Anathamangira asilikali awiri m'mbali, mfumu yake ikupsa. Ndinkaona ngozi ikubwera kutali, n'kumangosuntha zimene walamula, mano ali gwa. Zowawa ngati kuona munthu akuwoloka msewu akuwerenga nyuzipepala.

Alamu O. adandaula kuti kulira kwa bokosi kukuwasokoneza. Alamula kuti kuyambira sabata yamawa lizisewera mwakachetechete. A Egon andionetsa batani lozimitsira mawu.

Sabata yamawayo H. akumana ndi alamu eniake. Atenga chikho zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana. Ati, "Mlamu, udzabwere ndi mpango wopukutira misozi ya mwana wakoyo."

Lachiwiri, 27 Okutobala

Ndilembe zonse mmene zachitikira.

Alamu anatenga zidole zoyera. H. monga mwa khalidwe lake anadya msilikali wam'mbali, kenako wina, zidole zake zonse zili balala ngati nkhuku zaona mphamba. Alamu anayatsa ndudu yawo yaikulu ija, kutsamira kumbuyo. A Egon anali kutsogolo ku bala, akunyengerera alimi awiri kuti agulire ana awo makinawa pa Khirisimasi.

Zenzi anadutsa ndi matambula asanu ndi limodzi m'manja, phazi lake n'kukola chingwe. Sichinazuke chonse, chinangosuntha pang'ono ku khoma. Kagalasi kanathima. Zii. Gemu yonse yafufutika m'mutu mwa H.

Kagalasiko kamayang'ana kwa ine ndekha. Lamulo la a Pfaffinger ndi lakuti makina akathima, aluza. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene.

Nthawi yomweyo alamu ati, "Mlamu, pamene bwana wako akuganiza, tandibweretsera khofi. Usaope, sathawa."

Ndinatseka pakamwa. Ndinapita kukatenga khofiyo, ndinawaikira shuga awiri monga amakondera, ndinakhala pansi. Ndinayang'ana kagalasi kakufako ngati ndikuwerenga. Kenako ndinabweza bishopu kunyumba kuti atchinge mfumu.

"Ee, layamba mantha," anatero alamu.

Iwo akasuntha, ine kudina mabatani akufa, kudikira pang'ono, kusuntha. Mtima uli phaphapha, koma mutu uli mbee ngati m'mawa wa chisanu. Ndinasonkhanitsa zidole zobalalika zija chimodzichimodzi. Alamu anakankha asilikali onse a patsogolo pa mfumu yawo kuti amalize msanga, monga amachitira akamanyoza munthu. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwaonera chiimire ndi thireyi, ndikuwadziwa kuposa mmene amadzidziwira.

Ndiye ndinapereka nsanja. Ndinaiika pamene msilikali wawo akanaidya ulere.

Anaseka mokweza mpaka ena anasiya magemu awo kubwera kudzaona. "Egon! Bwera udzaone katundu wako akudzipha!" Anaidya.

Sipanachitike chilichonse mwamsanga. Ndinasuntha hatchi, kenako mfumukazi pang'ono chabe, kenako msilikali. Ndudu inazima m'manja mwawo. Mfumu yawo inalibe kothawira, zidole zawo zomwe zinali zitaitsekera njira. Anakhala nthawi yaitali chigwirire mutu. Kenako anagoneka mfumu yawo.

Mukudziwa anachita chiyani? Anaimirira, anakonza jekete, n'kuweramira bokosi. Bokosi! Ine osandiyang'ana n'komwe.

Pamene onse ankaomba m'manja ndinakankhira pulagi m'malo mwake ndi chidendene. Kagalasi kanayaka, kali ndi nkhope yosalakwa.

Ndachita chinyengo, ndikudziwa. Koma sindikumva chisoni. Mwina mawa.

Lachinayi, 29 Okutobala

Nyuzipepala ya m'tauni muno: "UBONGO WA MAGETSI WAGWETSA KATSWIRI WATHU." Chithunzi cha a Egon atanyamula H. ngati mwana wa ubatizo. Chigongono changa chikuoneka m'mphepete.

Asindikiza gemu yonse. Pa nsanja yanga aika zizindikiro ziwiri zodabwa. Ati "nzeru zozizira zimene munthu sangazifikire". Zozizira! Bulauzi yanga inanyowa ndi thukuta mpaka m'chiuno.

A Egon amata nyuzipepalayo pawindo. Ati agulitsa anayi kuyambira dzulo, ndipo atumiza gemuyo ku kampani.

Lamulungu, 1 Novembala

Tsiku la Oyera Onse. Kumanda m'mawa, kuyatsa makandulo. Ndinaima nthawi yaitali pa manda a bambo anga. Ndi iwo anandiphunzitsa chesi pa tebulo la kukhitchini nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, zidole zina zili mabatani a malaya. Akanaseka kapena akanandikalipira? Mwina zonse ziwiri.

Nkhomaliro kwa alamu, nyama ya nkhumba yowotcha ndi kabichi. Asanamalize n'komwe kudya anakankha mbale, kutulutsa bolodi, kuyala gemu ija pakati pa matambula. Ati sanagone bwino sabata yonse. Koma sanali okwiya, ndicho chandipweteka. Maso awo ankawala.

"Taonani kukongola kwake! Zaka makumi anayi ndikusewera, palibe anandichitapo zotere. Apa palibe mantha, palibe chifundo, palibe zotengeka mtima. Mlamu, iwe unali pafupi, kodi unamvetsa n'komwe chimene unkasuntha?"

Ndinati, "Pang'ono."

"Pang'ono! Wamva, Quirin? Ati pang'ono."

Ndinalowa kukhitchini kukathandiza akazi awo kutsuka mbale. Ndinakwecha poto mpaka anandilanda.

Lachitatu, 4 Novembala

A Egon anaimba foni kusukulu kuti ndidzere ku sitolo ndikaweruka. Kwabwera mlendo wochokera ku Munich.

Ndi Bambo Vogelsang, amene analemba nzeru za m'kati mwa H. Ndinkayembekeza bwana wa tayi. Ndinapeza bambo wa imvi, woonda, juzi yotha m'zigongono, atakhala m'chipinda chokonzera mawailesi, H. ali patsogolo pawo.

Anandigwira dzanja ndi manja awiri. Ati ataona gemuyo anakwera sitima yoyamba. Anayamba ntchitoyi okha kunyumba, akaweruka ku ntchito ina, anzawo akuwaseka. M'mutu mwa makinawa malo ndi ochepa zedi, moti kuti aphunzitse H. kuteteza mfumu anachita kuchotsamo zina zimene ankadziwa kale. Mabwana awo akufuna kusindikiza gemuyi pa makatoni onse a Khirisimasi.

"Koma pali chimene chikundivuta, Mayi Haslinger. Kuyambira m'mawa ndamuyalira malo omwe aja kasanu. Ndamupatsa nthawi yonse imene akufuna. Nthawi iliyonse akungodya msilikali. Nsanja sakuiganizira n'komwe."

A Egon ati mwina magetsi a kwa Zenzi ndi amphamvu kuposa a kuno.

Bambo V. sanaseke. Anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu, "Mwana wangayu sadziwa kudikira, mayi. Amaona pafupi pokha. Amene anapereka nsanja ija anadikira nthawi yaitali asanakolole. Ndinkafunitsitsa atakhala iyeyu."

Ndinawauza za chingwe.

A Egon anakhala pa wailesi ya kasitomala. Kenako anadzuka, kutseka chitseko. "Tamverani. Tili atatu muno. Palibe wamva. Kampani isangalala, ine ndigulitsa, inu mayi simuchita manyazi. Tingosunga pakamwa."

Apa ndiye magazi anandiwira. Ndisunge pakamwa kuti gemu yabwino koposa pa moyo wanga ikhale ya ayironi mpaka kalekale, isindikizidwe pa makatoni? Ndinati, "Chotsani pepala lija pawindo, apo ayi ndikalichotsa ndekha." Bambo V. ati nawonso sangaike bodza pa katoni, ngakhale mabwana akawadye amoyo.

Ndinawaperekeza ku siteshoni. M'njira anandifunsa kuti ndinawerengera patali bwanji ndisanapereke nsanja. Ndinati sindinawerengere mpaka kumapeto, ndinangoona kuti mfumu ya alamu ikusowa mpweya.

Anaima pakati pa msewu. "Mpweya," anatero. "Nanga mpweya ndiulemba bwanji m'manambala?"

Ati zaka khumi kapena makumi awiri zikubwerazi makinawa adzatigonjetsa tonse, ine, alamu, ngakhale akatswiri a ku Russia. Ananena mopanda kunyada, ngati munthu wonena kuti kugwa chisanu. Chisoni chija ndinkachidikira chafika lero, koma ndi cha bambo amenewa okha.

Lachisanu, 6 Novembala

Tauni yonse yadziwa. Kogula nyama anthu anasiya kulankhula nditalowa. Mmodzi mwa alimi aja wabweza makina ake. Mphunzitsi wamkulu wandiitana, ati mphunzitsi ayenera kukhala chitsanzo. Mayi wina amene sindimudziwa n'komwe wanditsinira diso pa positi ofesi.

Alamu sanaimbe foni. Atumiza a Pfaffinger kudzanena kuti Lachiwiri kuli msonkhano wapadera, ndikaonekere.

A Quirin ati anadziwa tsiku lomwelo. Ati ndikamaganiza zenizeni ndimaluma chala chachikulu, ndipo sindinalumepo chala chifukwa cha bokosi.

"Ndiye Lamulungu lija munangokhala phee akulu anu akundinyoza?"

"Ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa ndiseka."

Zaka khumi ndi zinayi akuopa kutsegula pakamwa. Ndawauza kuti chakudya chamadzulo adzionere okha.

Lolemba, 9 Novembala

Ndasita diresi yabuluu. Ngati akundipachika, andipachike nditatchena.

Lachiwiri, 10 Novembala

Chipinda chinadzaza, ngakhale aja amangobwera pa phwando la Khirisimasi. H. anali pa tebulo, atazimitsidwa. Ine anandiika pa mpando pafupi ndi chitseko.

Alamu analankhula nthawi yaitali, nkhope ili psuu. Chinyengo, manyazi, dzina la kalabu m'nyuzipepala. A Pfaffinger ati mwa lamulo makina anathima, ndiye gemuyo apambana ndi a wapampando. Alamu anamenya tebulo. "Sindikufuna! Ndinagoneka mfumu yanga ndi dzanja langa. Sinditola chigonjetso pansi ngati chotsala cha ndudu." Pamenepo pokha ndinawapatsa ulemu.

Kenako ati ndisadzapondenso m'chipinda chino.

Zenzi anali pakhomo ndi matambula. Ati, "Chipinda chino ndi changa, Ottmar. Amene ndimathamangitsa muno ndi oledzera okha. Ndipo chingwecho ndinakola ndine, undithamangitsenso?"

Alamu ati chabwino, ndiye kalabu indipatse chilango cholembedwa, miyezi itatu osakhudza chidole kapena kukamba za chesi m'nyumba ino.

A Pfaffinger anatsokomola, kuvala magalasi. Munthu uja sanasekepo chibadwire, ndipo sindikudziwa mpaka pano ngati ankadziwa chimene akuchita. "A wapampando, kalabu ingalange membala yekha. Mayi Haslinger si membala. Mwa malamulo athu, iwowa sanalakwe chilichonse, chifukwa kulibeko."

"Ndiye achoke osalangidwa?"

"Pokhapokha atalembedwa kaye."

"Alembeni!"

"Lamulo la 1924 likuletsa. Pokhapokha litasinthidwa, ndi mavoti a anthu awiri mwa atatu alionse."

Wina kumbuyo anayamba kuseka n'kusandutsa chifuwa. Ndinaona alamu akulimbana nazo, khosi likufufuma. Kundisiya osandilanga, kapena kundilandira. Sindikudziwa chimene chinkawawawa kwambiri.

Dzanja loyamba kukwera linali la a Quirin. Asanaitane n'komwe mavoti. Linakhala m'mwamba osatsika. Kenako a dokotala a mano. Kenako ena. Anayi anakana, mmodzi anatuluka n'kumenyetsa chitseko. Alamu anakweza lawo pomaliza, maso ali kudenga.

Ndinakhala membala nthawi ya 8 koloko. Isanakwane hafu pasiti ndinali nditaletsedwa mpaka Febuluwale. Chilangocho anavotera onse, ine ndemwe, popeza tsopano ndili ndi voti.

Wina anafunsa kuti nanga manja a H. akhala ndani. Onse anayang'ana a Egon. Wina anafunsa za khofi. Ine sindinadzuke.

Ndikuvala chikhoti changa m'khonde, alamu anabwera kudzatenga chipewa. Sanandiyang'ane. Ati, "Ndikanapanda kudya nsanja ija. Ndikanasuntha mfumu kupita pakona, ukanatani?"

Ndinati, "Pepani a wapampando, ndaletsedwa kukamba za chesi m'nyumba ino."

Anapuma mwamphamvu ngati ng'ombe. Kenako anatsegula chitseko cha kumsewu, n'kuchigwira kuti ndidutse. "Panja si m'nyumba."

Kunja kunkazizira koopsa. Anatulutsa kabolodi kawo kam'thumba, kuyala gemuyo pa denga la galimoto yathu, pansi pa nyali ya mumsewu. A Quirin anali kale m'kati, injini ikulira. Alamu anasuntha mfumu kupita pakona n'kupinda manja.

"Tiye, mlamu. Ndikudikira."

Ndinavula magolovesi.